Ulendo wa ku Nyanja M'chilimwe: Mwawalongedzera Zotani Ana?

Amayi anzanga, chilimwe chafika. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa m'mizinda, mango ayamba kukhwima, nyenje zikulira usana wonse, ndipo m'makomo ambiri nkhani imene ili pakamwa ndi ya ulendo. Ena akhala akusonkherana ndalama ku banki mkhonde kuti pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, akaone nyanja. Ena akupita kukaonetsa mwana kwa apongozi ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Bambo akangonena kuti "Loweruka tinyamuka," kwa iwo nkhani yathera pa ndalama yoyendera. Kwa inu mayi ndiye yayamba kumene, pakuti mwana akazizidwa m'basi, akasanza, kapena akadzinyowetsa, maso onse amagwa pa inu ndipo funso limakhala limodzi: "Kodi amake mwana simunatenge chosinthira?"

Lero ndati tiyendere pamodzi msewu umene ine ndauyenda kangapo ndi ana, wochokera ku Lilongwe, kudzera ku Dedza ndi ku Golomoti, mpaka kukafika pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Ndasankha umenewu chifukwa pa tsiku limodzi lokha umakudutsitsani m'nyengo ziwiri, yozizira ndi yotentha, ndipo mayi amene waudziwa bwino sadzavutika kulongedza ngakhale ulendo wake utakhala wa ku Senga Bay, ku Nkhata Bay kapena ku chigwa cha Shire.

Ndiyambe ndi kuulula kupusa kwanga. Ulendo woyamba umene ndinapita kukacheza kwa alamu anga ku Chembe ndinali ndi ana atatu: wachisamba wa zaka zisanu ndi chimodzi, womutsatira wa zaka zitatu, ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu. Ine, mwana wa kumapiri wokulira m'chisanu, ndinadzaza sutikesi ndi majuzi, masokosi, mabulangete awiri ndi madiresi onyezimira a nayiloni, pofuna kuti akuchimuna akaone kuti ana ndimawasamala. Titatsegula sutikesi ija, alamu anaseka mpaka kugwetsa misozi, nati, "Alamu, kodi mwabwera ku nyanja kapena mukupita kukakwera phiri la Mulanje?" Masiku anayi onse majuzi anagona m'sutikesi, ana anayenda ndi malaya obwereka, ndipo khanda linatuluka totupa ta thukuta m'khosi ndi m'khwapa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndikadafunsa eni dera ndisananyamuke, sindikadasenza katundu wopanda ntchito.

Komabe musafulumire kutaya juzi. Ulendo wabwino ndi ana umayamba m'mbandakucha, dzuwa lisanakwiye. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo msewu umanka nukwera, pakuti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Ngakhale mu Okutobala, m'mawa kumeneko kumaomba kamphepo kozizira, makamaka ngati zenera la galimoto silitsekeka bwino. Choncho mwana aliyense anyamuke atavala malaya opepuka m'kati ndi kajuzi kamodzi pamwamba, makamaka kotsegula kutsogolo, kuti mukathe kumuvula ali pa miyendo popanda kusokoneza anzanu okhala nawo mpando. Juzi limodzi pa mwana aliyense ndi lokwanira ulendo wonse. Pa Dedza pomwepo gulani mbatata ya kachewere ndi kabichi zokapatsa eni nyumba, pakuti kunyanja zimenezi ndi za mtengo wapatali, ndipo mlendo wofika chimanjamanja sasiya mbiri yabwino.

Mukapitirira pang'ono, pa Masasa mukhotera kumanzere, ndipo apa ndiye pamayambira chitsikotsiko cha Khwekhwerere. Msewu umakhotakhota ngati njoka potsika phiri, kumusi kukuoneka chigwa chachikulu chotuwa ndi nkhungu ya kutentha. Malowa ndi okongola ndithu, koma ndi pomwe mimba za ana zimatembenukira. Sutikesi yanu pa nthawi imeneyi ili kumbuyo, yapanikizidwa ndi matumba a chimanga a anthu ena, ndipo palibe dalaivala amene angaime pa chitsikotsiko kuti inu mufunefune kabudula. N'chifukwa chake ndikuti zikwama zikhale ziwiri. Chachikulu chipite kokhala katundu. Chaching'ono chisachoke m'manja mwanu, ndipo m'menemo mukhale chovala chimodzi chosinthira mwana aliyense, matewera atatu kapena anayi, kansalu konyowa kopukutira, chitenje chimodzi, thumba lolimba loikamo zoipitsidwa, botolo la madzi akumwa, ndi timabuku ta kuchipatala ta ana onse. Onjezanimo bulauzi yanu imodzi, chifukwa mwana akasanza sasanzira yekha.

Pofika pa Golomoti makutu amakhala atatseka, ndipo mpweya wolowa pa zenera umakhala ngati ukuchokera pa ng'anjo. Mwatsika mamita oposa 1,000, pakuti nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 okha. Apa vulani ana majuzi ndi masokosi. Kuyambira pano mudzaona milambe ikuluikulu yopanda masamba, mbuzi zitabisala pansi pa nkhokwe, ndi minda youma yodikira mvula. M'dera limeneli masana a Okutobala kutentha kumafika madigiri 35, mwina kupitirira, ndipo apa m'pamene nsalu imaonetsa mtundu wake. Nsalu ya thonje imamwa thukuta ndi kulola mphepo kudutsa. Nayiloni ndi nsalu zina zonyezimira zimatsekera thukuta pakhungu, n'chifukwa chake khanda langa lija linatuluka totupa. Mukamasankha pa kaunjika kapena m'sitolo, werengani kachikwangwani ka m'khosi mwa chovala, kapena chifinyeni m'manja: cha thonje chimakwinyika ndi kukhala chokwinyika, pamene cha nayiloni chimaterera ndi kubwerera msanga. Sankhani zotakasuka, zosathina m'chiuno ndi m'khosi. Majini olemera asiyeni kunyumba, chifukwa amatentha ndiponso amachedwa kuuma.

Musanafike pa Monkey Bay mukhotanso kumanzere, ndi kulowa m'mapiri a miyala ikuluikulu momwe anyani amakhala m'mbali mwa msewu. Amenewa ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba za mbuna, tinsomba ta mawanga osiyanasiyana timene timakhala m'miyala. Mukatsika phiri lotsiriza, nyanja imangoti mbee patsogolo panu, chilumba cha Thumbi chili pakati, cha Domwe chili cha kumanja. Ana amakhala chete kanthawi, kenaka wina amafunsa kuti mtsinje umenewu tsidya lake lili kuti. Muuzeni kuti nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580. Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, koma eni ake amangoti ku Chembe.

Chembe ndi mudzi wa asodzi wotambalala m'mbali mwa gombe. Mudzapeza mabwato atandandalika pa mchenga, abambo akusoka maukonde pansi pa mitengo, usipa ukuuma pa thandala, amayi akutsuka mbale ndi kuchapa m'mphepete mwa madzi. Mwana wa kumtunda akangotsika galimoto amathamangira ku madzi, ndipo asanayende mapazi khumi amayamba kulira, chifukwa mchenga wa masana umaotcha ngati phulusa la moto. Choncho mapatapata kapena nsapato za pulasitiki zomanga kumbuyo ndi zofunika kuposa nsapato zachikopa za kutchalitchi. Zimatetezanso ku minga za nsomba, mbedza zotayika ndi magalasi osweka. Mwana aliyense akhalenso ndi chipewa cha mlomo wozungulira, ndipo inu musaiwale ambulera yotchingira khanda kumsana. Mwana wosafika miyezi isanu ndi umodzi asakhale padzuwa konse. Mukhazikeni pa mthunzi ndi kumuyamwitsa kawirikawiri. Ngati m'banja mwanu muli mwana wa chialubino, malaya a manja aatali, buluku lalitali lopepuka, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa zikhale zoyamba kulowa m'chikwama, pakuti kunyanja dzuwa limaomba kuchokera kumwamba ndi kunyezimiranso kuchokera m'madzi.

Pali chinthu china chimene ndinaphunzira kwa mayi wina wachikulire wa pamudzipo. Iye anati, "Mwana wanga, mwana wa kunyanja umuveke chofiira." Pa tsiku la chikondwerero gombe limadzaza anthu, ndipo mwana wovala zobiriwira kapena zotuwa amasowa m'maso msanga. Wovala chofiira, chachikasu kapena cha mtundu wa lalanje mumamuona ali patali, ngakhale ali m'madzi. Zosambira sizilira ndalama: kabudula wopepuka ndi kamalaya kakale n'zokwanira, ndipo kamalayako kamateteza mapewa kuti asapse. Koma mwana wamkazi asalowe m'madzi ndi diresi lalitali kapena chitenje, chifukwa nsalu ikanyowa imalemera ndi kukulunga miyendo. Mukafuna kukwera boti kupita ku Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi, funsani majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana musanalipire. Ngati palibe, khalani kumtunda. Ndipo dziwani kuti chovala chowala chimangothandiza maso, sichilowa m'malo mwa maso. Pakati pa inu ndi bambo, mugwirizane momveka amene akuyang'anira ana pa nthawi iliyonse, chifukwa mwana amamira mwakachetechete pamene aliyense akuyesa kuti mnzake akumuona. Pa mabango ndi pa mathiriro a mitsinje musalole mwana kufikapo, popeza ng'ona ndi mvuu zimakonda malo otere.

Sindingakhale mnzanu weniweni nditakubisirani za likodzo. Madera ena a gombe la kumwera kwa nyanjayi, kuphatikizapo Chembe, amadziwika ndi matendawa. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya ndi odikha, ndipo timalowa pakhungu. Palibe chovala chimene chingatitchinge. Khanda musalisambitse m'nyanja. Madzi otunga m'nyanja muwatenthetse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri, ndipo mukatero tizilomboto timafa. Ana okulirapo amene asambira, muwatengere ku chipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale asanayambe kukodza magazi, ndi kufotokoza kumene anapita. Mankhwala ake, a praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Tsopano tiwerengere zovala. Ubwino wa kunyanja ndi wakuti chovala cha thonje mukachichapa m'mawa, pofika masana chauma. Choncho pa ulendo wa masiku anayi kapena asanu, mwana woyenda yekha amafunika zovala zamasana zitatu zokha: china chili pathupi, china chili pa chingwe, china chikudikira. Onjezani chosambira chimodzi, chovala chamadzulo chimodzi cha manja ndi miyendo yaitali, juzi lija, zam'kati zisanu, ndi chovala chimodzi chaulemu cha ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Khanda lokha ndilo muliwirikizire kawiri, pakuti limaipitsa msanga. Ngati mumagwiritsa matewera ochapa, khumi ndi awiri akukwanirani. Ngati ndi otaya, werengani asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku, ndipo chonde musawataye pa gombe kapena m'madzi amene anzathu amamwa ndi kutsukira mbale. Funsani eni nyumba kumene amataya zinyalala.

Pa kuchapa pomwepa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa kumeneku kunandigonetsa m'maso masiku angapo. Posowa chingwe, ndinayanika matewera ndi timalaya ta khanda pansi, pa mthunzi wa mtengo wa mango, ndipo zitauma ndinamuveka osasita. Titabwerera kunyumba, mwana anayamba kulira usiku wonse, ndipo kumsana ndi m'matako munatuluka zithupsa zinayi, chilichonse chili ndi kabowo pakati. Anamwino atayang'ana anati ndi mphutsi. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa zoyanikidwa pa mthunzi, makamaka za fungo la mkodzo kapena thukuta. Mazirawo akaswa, timphutsi timaboola khungu ndi kukuliramo kwa masiku oposa sabata. Anapaka mafuta a Vaseline pa timabowo kuti mphutsi zisowe mpweya, ndipo zinatuluka imodziimodzi ine ndikuona. Mwana anachira, koma zipsera anakula nazo. Kuyambira pamenepo, chingwe cha mamita asanu ndi zopanira zovala khumi sizichoka m'sutikesi yanga. Yanikani m'mwamba, padzuwa lenileni, ndipo musite chovala chilichonse mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Simbi ya makala mungabwereke pamudzi uliwonse, musachite manyazi kupempha.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa zilumba, nyanja imafiira, kenaka nyali za asodzi a usipa zimayamba kuoneka patali ngati mudzi woyandama. Imeneyi ndi nthawi yokoma kuposa zonse, komanso ndi nthawi ya udzudzu. Musanachoke ku Cape Maclear mukaone manda a amishoni amene ali chakumapeto kwa gombe, m'kati mwa malo otetezedwa. Amishoni a Livingstonia, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anafika pamenepa mu Okutobala 1875 pa sitima yoyamba yotchedwa Ilala. Malowa anawakonda chifukwa cha doko lake labwino, koma malungo anawatha mphamvu ndi kupha ena mwa iwo, kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo pambuyo pake, mu 1894, anakwera ku mapiri a Khondowe. Iwo sankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, chifukwa zimenezi zinatsimikizika mu 1897. Ife tikudziwa, choncho tilibe chowiringula. Ana asambe dzuwa lisanalowe, avale zija za manja ndi miyendo yaitali, zopepuka ndi zoyererako. Neti yanu mutenge, pamodzi ndi tizingwe tomangira, osadalira kuti mukaipeza kumeneko, pakuti eni nyumba akhoza kukupatsani yawo iwo n'kugona pa udzudzu. Bulangete n'losafunika, chitenje chikwanira kufunda. Mwana akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patapita sabata ziwiri, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi.

Nanga inu mayi? Ambiri a ife timalongedzera aliyense ndi kudziiwala tokha. Tengani madiresi awiri opepuka, siketi ndi mabulauzi awiri, ndipo ngati mukuyamwitsa akhale otsegula kutsogolo. Koma chuma chenicheni cha ulendo ndi zitenje. Zinayi sizichuluka: choberekera mwana, chovala inu, choyala pansi kapena kufunda, ndi chopukutira ana akatuluka m'madzi, chimene chimauma msanga kuposa thaulo. Chitenje chomwecho chimasanduka mthunzi, katani ya pa zenera, ngakhale kachipinda kosinthiramo pa gombe anzanu awiri akachigwira. Achikulire akukumbukira kuti lamulo la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi afupiafupi. Lamulolo linathetsedwa pa nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo lero mayi amavala chimene wasankha. Komabe gombe la alendo ndi mudzi wa eni ake n'zosiyana. Mukamachoka ku madzi kulowa m'mudzi kapena pa msika, mangani chitenje, ndipo m'madera ambiri a Mangochi, momwe muli abale athu Achisilamu ochuluka, mpango wa kumutu umakutsegulirani makomo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Kulongedza kuchitike kutatsala masiku awiri, osati usiku wonyamukira nyali ikuthima. Yalani mphasa, ikani mulu wa mwana aliyense paokha, ndipo muyeseni chovala chilichonse, popeza kabudula wa chilimwe chatha akhoza kukhala atamuthina. Malaya, kabudula ndi cham'kati za tsiku limodzi muzikulunge pamodzi ngati mkeka, kuti ngakhale bambo athe kuveka mwana popanda kuvundula sutikesi yonse. Zolemera zikhale pansi, zamadzulo oyamba ndi neti zikhale pamwamba. Sopo ndi mafuta zikhale m'thumba lakelake kuti zisaipitse nsalu. M'kathumba kena ikani mapaketi a Thanzi ORS, mankhwala ochepetsa kutentha kwa thupi a ana, singano ndi ulusi. Mwana wa zaka zisanu kapena kuposerapo mpatseni kachikwama kake konyamula chipewa ndi botolo la madzi, adzayenda monyadira ndipo adzaphunzira kusamala zake. M'thumba la malaya a mwana aliyense ikanimo kapepala kolembapo dzina lake ndi nambala ya foni yanu. Mukamaliza, nyamulani sutikesiyo ndi dzanja limodzi, mwana ali kumsana, muyende nayo kuzungulira nyumba. Ngati yakulemerani pakhomo panu, pa siteji ya basi idzakulizani. Chotsanimo zina.

Musiyenso malo a pobwerera. Palibe amachoka ku nyanja wopanda usipa, utaka kapena chambo chowamba, ndipo nsomba zikhale ndi thumba lawolawo kutali ndi zovala, apo ayi ana adzanunkha usipa ku sukulu mwezi wathunthu. Zovala zimene zayamba kuwathina ana anu, ngati zili zabwino, mukhoza kuzisiyira ana a eni nyumba, mwaulemu ndi mwakachetechete, podzera kwa mayi wawo. Zonyowa musazitsekere m'sutikesi, chifukwa pofika kunyumba zidzakhala zitachita nkhungu. Ndipo majuzi aja muwaike m'chikwama cha m'manja, pakuti mukakwera Khwekhwerere dzuwa litapendeka, mphepo ya ku Dedza idzakhala ikukudikirani pamwamba.

Chaka chatha mwana wanga uja wa zipsera, amene tsopano ali pa banja, anabwera kudzandibwereka sutikesi kuti apite ndi ana ake ku Chembe. Atatsegula anapeza chingwe chija chili m'kathumba ka m'mbali, ndipo anafunsa, "Amayi, chingwechi n'chachiyani?" Ndinamuuza kuti akhale pansi ndimufotokozere, monga ndakufotokozerani inu lero. Muyende bwino, amayi anzanga, ndipo mukatipatsire moni kwa onse a kunyanja.